Ana Athu Akuzunzana pa Sukulu, Ife Makolo Tili Kuti?

Mawu amene komiti ya mzikiti inalankhula kwa makolo itatha swala ya Eid-ul-Fitr



Olemekezeka a Shehe, amwalimu athu a ku madrasa, mafumu amene muli pakati pathu, abambo, amayi ndi achinyamata nonse. Tikuyamika Allah (S.W.T) amene watifikitsa kumapeto a mwezi wa Ramadhan tili amoyo, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad (S.A.W), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse. Eid Mubarak kwa nonse.

Tikudziwa kuti kunyumba mpunga uli pamoto, ndipo ana amene avala zatsopanowa mitima yawo ili kale kunjira, choncho sititalikitsa mopitirira. Za ndalama za Zakaat-ul-fitr ndi za malata a mzikiti zalembedwa pa masamba ena a kabuku kano, mukawerenge modekha. Ife taimirira pano ndi nkhani imodzi, ya ana athu a zaka za pakati pa 10 ndi 15, amene ali mu Sitandade 5 mpaka Sitandade 8, ndi ena amene angolowa kumene Fomu 1 ndi Fomu 2. Ana amenewa akuzunzidwa ndi anzawo pa sukulu, ena mwa iwo ndi amene akuzunza anzawo, ndipo ife makolo nkhaniyi timaimva mwana atasiya kale sukulu.

Msinkhu umenewu ndi wovuta, tisanamizane. Mwana wa Sitandade 1 akamenyedwa amabwera akulira, mudzi wonse n'kudziwa. Koma wa Sitandade 6 salira pagulu. Thupi lake layamba kusintha, mnyamata mawu ayamba kukula, mtsikana wayamba kuchita manyazi, ndipo zimene anzake akunena za iye zimamulemera kuposa zimene bambo ake akunena. Ndi nthawi yomweyonso imene m'kalasi zinthu zimalimba, pakuti kuyambira Sitandade 5 pafupifupi phunziro lililonse limabwera m'Chingerezi, kutsogoloku kukudikira mayeso a MANEB a Sitandade 8. M'kalasi imodzi mumapezeka kamwana ka zaka 11 katakhala limodzi ndi mnyamata wa zaka 16 amene wabwereza kawiri katatu. Mphunzitsi ndi mmodzi, ana m'sukulu zina ndi oposa 100. Nanga zochitika kumbuyo kwa kalasi, kuchimbudzi, kapena panjira yodutsa kudambo poweruka, mphunzitsiyo angazione bwanji?

Madandaulo amene amatipeza ku komiti amafanana, koma mayina sititchula. Pali kulandana: mwana mwamupatsa ndalama ya chitumbuwa kapena mwamumangira mbatata yootcha, asanalowe n'komwe m'kalasi wamkulu wina wamulanda, ndi kumuopseza kuti ukakanena uona. Pali ndewu za tsiku lotsekera, zoti mwana amauzidwa teremu ili pakati kuti "tidzaonana potsekera," ndiye amayenda ndi mantha mwezi wathunthu. Koma chofala kwambiri ndi cha pakamwa. Mwana wachibwibwi akaimirira kuti awerenge, kalasi yonse imayamba kumutsanzira. Wodwala khunyu amamuthawa ngati kuti matendawo ndi opatsirana, chonsecho sapatsirana. Wamasiye amamuseka chigamba cha pa kabudula. Wakhungu lachialubino amamutcha mayina amene sitingawabwereze pamalo ano. Mtsikana amene msambo wamudzidzimutsa m'kalasi, diresi n'kuthimbirira, anyamata amamukuwiza, ndipo ambiri otere sapitako sabata yonse, ena mpaka kalekale. Ana a Chisilamu ali ndi zawo zowonjezera: kusekedwa chifukwa cha Chichewa chomveka Chiyao, kutchedwa mnasala, kukokedwa hijabu chakumbuyo, kapena, monga zimachitikira m'mwezi tamalizawu, kudyeredwa dala pamaso kuti aone ngati amasule swaumu.

Akuluakulu amene muli pano mukukumbukira kumene tachokera. Nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali m'manja mwa mamishoni, ndipo agogo athu ambiri anakana kutumizako ana poopa kuti akawasintha dzina ndi chipembedzo. Mantha awo anali ndi pogwira, pakuti alipo amene analowa sukulu ndi dzina lina n'kutulukako ndi lina. Koma zotsatira zake tinazisenza zaka zambiri: m'maofesi, m'zipatala ndi m'makhoti Asilamu tinali owerengeka. Mu 1994 boma la Dr Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Lamulo la maphunziro la 2013 linanena kuti mwana aliyense ayenera kuphunzira pulayimale, si nkhani yofuna kapena kusafuna. Ya hijabu nayo mukuidziwa. Mu 2019 ku Balaka kunabuka mkangano waukulu atsikana atabwezedwa pa sukulu ina chifukwa cha hijabu. Anthu anavulala, katundu anawonongeka mbali zonse ziwiri, ndipo ana anakhala osaphunzira. Mu 2021 atsogoleri a Chisilamu ndi a Chikhristu, mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, anasainirana mgwirizano woti mtsikana wa Chisilamu atha kuvala hijabu yogwirizana ndi mtundu wa yunifomu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma.

Tsono funso lathu ndi ili. Pa nkhani ya hijabu Asilamu tinadzuka tonse, makalata analembedwa, misonkhano inachitika. Khomo linatseguka, mtsikana analowa ndi hijabu yake. Koma mtsikana yemweyo akasiya sukulu mu Sitandade 7 chifukwa anyamata amamudikirira panjira tsiku ndi tsiku, ndani wa ife amadzuka? Timangoti wakula ameneyo, akwatiwe. Mnyamata akayamba kujomba timati ndi ulesi, mawa lake tamuona kunyanja akukoka nawo chilimira kapena akupalasa kabaza pamsika, timati bola akupeza ya sopo. Palibe amene anamukhazika pansi kumufunsa kuti kusukuluko chakuthamangitsa n'chiyani. Agogo athu ana awo anatsalira kunja kwa sukulu chifukwa cha mantha omveka. Athuwa akulowa, koma akutulukira pakati, ife tili phee.

Pali mbali ina imene sitikonda kuimva. M'dera ngati lathu lino, m'mene Asilamu tili ochuluka, wozunza mnzake kawirikawiri ndi mwana wathu yemwe, amene masana amakhala pa mkeka ku madrasa akuloweza Qur'an. Anyamata ena akatuluka ku jando amadziona ngati atha kukula. Amayamba kunyoza anzawo amene sanapiteko, kuwaseka pokasamba kumtsinje, ngakhale kuderera aphunzitsi achizimayi. Ena amatcha mwana wa Chikhristu kafiri ndi kumukaniza kumwa nawo pa mjigo. Anazimva kuti zimenezi? Mwana sapeka yekha mawu otere, amawatola pakhonde pamene akuluakulu tikucheza. Mwana wa mphunzitsi kapena wa nesi amene anabwera kudzagwira ntchito kwathu kuno ndi mlendo wathu, ndipo makolo ake akatopa n'kupempha kuti asamutsidwe, otsala opanda mphunzitsi ndi ana athu omwe.

Chipembedzo chathu sichinaisiye pambali nkhaniyi. Mu Surat Al-Hujurat, surah ya 49, ayah ya 11, Allah waletsa amuna kuseka amuna anzawo ndi akazi kuseka akazi anzawo, waletsanso kunyozana ndi kuitanana mayina achipongwe. Ayah yotsatira yaletsa kuganizirana zoipa, kufufuzana ndi miseche. Amwalimu, tikupemphani kuti ana akamaloweza surah imeneyi muziwamasulira m'Chichewa ndi m'Chiyao, adziwe kuti ikunena za dzina lija akumutcha mnzawo wachibwibwi, si nkhani ya Aarabu akale okha. Mu Sahih Bukhari muli nkhani ya Abu Dharr (R.A), swahaba wamkulu ndithu, amene tsiku lina atapsa mtima ananyoza munthu pomutchulira mayi ake. Mtumiki (S.A.W) sanazitenge ngati zazing'ono, anamudzudzula kuti mwa iye mudakali khalidwe la nthawi ya umbuli. Ngati swahaba anadzudzulidwa chotere pa liwu limodzi, ife tili ndi chifukwa chanji chomanenera kuti "ndi ana, amasewera choncho"? M'buku lomwelo timaphunzira kuti m'bale wathu tiyenera kumuthandiza ngakhale pamene iye ndiye wopondereza, ndipo Mtumiki (S.A.W) atafunsidwa kuti zingatheke bwanji, anafotokoza kuti kumuthandiza kwake ndi kumuletsa kuti asiye. Choncho kholo limene laitanidwa kusukulu chifukwa mwana wake wavulaza mnzake, n'kufika ndi ukali kukalalatira ahedi, silinamuthandize mwanayo.

Kumuletsa tikunenaku si kumumangirira pa mtengo wa mango ndi kumukwapula mpaka anthu adzaleretse. Mwana wokwapulidwa madzulo amakakwapula mnzake m'mawa, chifukwa waphunzira kuti wamphamvu ndiye amalankhula ndi dzanja. Apa amwalimu mutikhululukire, ndodo ya ku madrasa nayo tiionenso bwino. Mwana wozunza anzake mumufunse modekha chimene chikumuvuta, pakuti ena ndi njala, ena ndi manyazi a kubwereza kalasi, ena akutengera zimene amaona bambo akuchita kwa mayi kunyumba. Akatero abweze chimene analanda, ndi ndalama yoti waigwirira yekha ntchito, ndipo mumuperekeze akapepese pamaso pa makolo a mnzakeyo. Zimenezi zimamupweteka kuposa ndodo, ndipo saziiwala.

Tibwerere kwa wozunzidwa. Mwana wotere sanena, pa zifukwa zomveka. Amaopa kuti akanena zikula; amachita manyazi; ndipo nthawi zambiri amadziwiratu yankho limene alandire kunyumba: "Iwe ulibe manja? Ukabwezere." Kapena akwapulidwa chifukwa malaya ang'ambika, osafunsidwa kuti ang'ambika bwanji. Ndiye zimene pakamwa pakubisa zimaonekera kwina. M'mimba mumamupweteka m'mawa uliwonse wa sukulu, koma Loweruka ali bwinobwino. Makope ndi zolembera zimangosowa. Amabwera ndi njala chonsecho munamupatsa kamba. Wayamba kuzungulira njira yaitali. Anali wa nambala 5 m'kalasi, pano ali kumapeto. Wina amayambanso kukodza pogona, wina amasanduka waukali kwa ang'ono ake. Amayi ndi amene mumaona zotere msanga. Chonde musazisunge mumtima, auzeni abambo ake kapena amalume ake.

Kafunsidwe nako n'kofunika. Mukamufunsa mwana pagulu, ndi mawu okweza, kuti "akukumenya ndani?" ayankha kuti palibe. Mufunseni muli awiri, pobwera ku swala ya Maghrib kapena mukuswa mtedza pakhonde, ndipo muyambire patali: umakhala ndi ndani m'kalasi, nthawi yopuma umasewera kuti, alipo mwana amene anzake amamuvutitsa? Ambiri amayamba ndi kunena za "mnzanga wina," kenaka mumazindikira kuti mnzakeyo ndi iye mwini. Akakuuzani musamutsutse, musamuseke, ndipo musathamangire kunyumba kwa mwana winayo ndi ndodo m'manja. Anas bin Malik (R.A) anatumikira Mtumiki (S.A.W) zaka 10, kuyambira ali mnyamata wa msinkhu wa ana tikunenawa, ndipo anachitira umboni kuti m'zaka zonsezo sanamukalipirepo. Mwana amaulula kwa munthu amene samuopa.

Muwauzenso ana anu za oonerera. Pamene mmodzi akuzunzidwa pamakhala ena khumi akuseka kapena kuyang'ana kumbali, ndipo wozunzayo mphamvu amaitenga kwa iwo. Sitikuti mwana wanu akalowerere ndewu ya akuluakulu, ayi. Koma atha kukana kuseka nawo, atha kukaitana mphunzitsi, atha kuyenda limodzi ndi mnzakeyo poweruka.

Kenaka nyamukani mupite kusukulu. Apa ndi pamene ambiri amafooka. Ena amati ine sindinaphunzire, ndikalankhula chiyani pamaso pa aphunzitsi? Ahedi amamva Chichewa, ena amamvanso Chiyao, ndipo sukuluyo njerwa zake munaumba ndinu. Yambani ndi mphunzitsi wa kalasi, mufotokoze zimene zachitika, tsiku lake ndi malo ake, mopanda kutukwana. Zikapanda kusintha pitani kwa ahedi. Zikakanika pamenepo pali komiti ya sukulu ndi PTA, ndipo pamwamba pawo pali a PEA amene amayang'anira sukulu zonse za m'zoni, ofesi yawo ili ku TDC. Patatha sabata mubwererenso kukafunsa kuti nkhani ija ili pati, chifukwa nkhani yopanda woilondola imafera m'kabati. Pa za atsikana pali Mother Group, amayi a m'midzi momwemu amene amalangiza atsikana, kuwasokera nsalu zochapa za pa msambo ndi kulondola amene asiya sukulu. Amayi athu a Dawa, ndi angati mwa inu ali mu Mother Group? Misonkhano ya PTA ikaitanidwa makolo amapezeka owerengeka, abambo ndiye ngosowa. Koma tsiku limene asankha komiti yopanda Msilamu ndi mmodzi yemwe, kapena aika zochitika pa nthawi ya Jumu'ah, onse amadandaula kuti akutisala. Anakusala ndani, poti pa tsiku losankha unali ku bawo?

Tikudziwa kuti m'makomo ambiri abambo ali ku Joni, ena ku Durban ndi ku Cape Town, ana atsala ndi amayi kapena agogo. Ndalama ya yunifomu imabwera pa foni, Alhamdulillah, koma ndalama siingakakhale pa mpando mu ofesi ya ahedi. Pa chikhalidwe chathu mwini mbumba ndi malume. Amalume, ntchito yanu si ya pa nikah ndi pa maliro pokha. Mdzukulu wanu akamavutika kusukulu, woyenera kuvala nsapato ndinu. Ndipo amayi, abambo a ana akaimba muwauze kuti asamangofunsa kuti nyumba yafika pati, amupatse mpata mwana alankhule nawo payekha. Mafoni amene amatumizawo abweretsanso vuto lina. Ana ena akujambulana zithunzi mobisa ndi kuzimwaza pa WhatsApp ndi pa Facebook, pamodzi ndi mawu onyoza. Kale wozunzidwa ankapuma akafika kunyumba, lero chipongwe chimamutsata mpaka pa mphasa. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lokhudza za pa intaneti, ndipo kuzunza munthu kudzera pa foni kapena pa kompyuta ndi mlandu. Foni imene mwamugulira mwana wa zaka 13 muli nawo ufulu woyang'ana zimene zilimo, ndipo usiku izigona kuchipinda kwanu.

Tinenepo pang'ono za amene asankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Kuli mchitidwe wakale woipa umene ana asukulu amautcha teasing: a Fomu 1 kuwachapitsa zovala za akuluakulu, kuwalanda shuga, sopo ndi chiponde tsiku lofika lomwelo, kuwadzutsa pakati pa usiku kuti aziimba kapena kuvina, ena mpaka kuwamenya. Malamulo a sukulu amaletsa zimenezi ndipo ana amachotsedwa nazo sukulu, koma sizikutha chifukwa wa Fomu 1 wa chaka chino akudikira kudzabwezera pa wa chaka chamawa. Abambo ena muli pano munadutsamo, ndipo mumazikamba moseka kuti zimalimbitsa mtima. Ife sitikugwirizana nanu. Inu mukuseka chifukwa munamaliza. Anzanu amene anabwerako teremu yoyamba osabwereranso nkhaniyi saikamba moseka. Mukamuperekeza mwana mufike mpaka kumene azikagona, mudziwane ndi mphunzitsi woyang'anira zogona, mufunse ngati pali gulu la ophunzira a Chisilamu ndi mphunzitsi wowayang'anira, ndipo mukamuone teremu isanathe, osadikira tchuthi. Atsikana a ku CDSS amene makolo awachitira lendi tinyumba pafupi ndi sukulu, okhaokha opanda wamkulu, ali pa ngozi yoposa apa. Ngati palibe kuchitira mwina, mupeze mayi wodalirika wa pafupi amene aziwaona tsiku ndi tsiku. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pali zina zimene si zokambirana pakhonde. Mwana akavulazidwa, akagwiriridwa, kapena wamkulu aliyense akamamunyengerera zachiwerewere, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi wa ku madrasa, kaya ndi wachibale, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala ndi kupolisi, ku ofesi ya Victim Support Unit. Malamulo aakulu a dziko lino, kuchokera pamene anasinthidwa mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo loteteza ana la 2010 lilipo. Nambala ya 116 ndi yaulere, mwana kapena kholo atha kuimba. Kulandira mbuzi kapena ndalama kuti nkhani ife ndi kugulitsa mwana, ndipo komiti ino sidzakhala nawo pa bwalo lotero. Mtsikana amene anatenga pathupi ali pa sukulu, ndondomeko ya boma imene inayamba mu 1993 imamulola kubwerera akabereka. Akabwerera, ana athu asakhale oyamba kumuimba nyimbo.

Komiti yasankha abambo awiri ndi amayi awiri amene kholo lililonse lingawapeze kuti aliperekeze kusukulu, makamaka agogo amene akulera adzukulu okha. Mayina awo alengezedwa ikatha Jumu'ah ikubwerayi, ndipo zimene adzamve zidzakhala za chinsinsi. Tapempha a Shehe kuti khutba yoyamba ya teremu ikubwerayi ikhale ya Surat Al-Hujurat. Tidzaitananso ahedi a sukulu zotizungulira, pamodzi ndi abusa a mipingo yoyandikana nafe, kuti tidzamwe nawo tiyi ndi kumva mbali yawo, pakuti nawonso ali ndi zodandaula za ana athu. Amene ana anu asiya kale sukulu chaka chino musachite manyazi, mutsale pang'ono anthu akamabalalika, mulembetse dzina la mwana ndi kalasi yake kwa alembi amene akhale pakhomo. Amayi mulembetse kumbali yanu komweko, kuli wolemba.

Allah alandire swaumu yathu, swala zathu ndi sadaka zathu, awakhululukire amene anatitsogolera, ndipo awasunge ana athu popita ndi pobwera. Ameen.